Mwabweretsa galu wachiwiri ndipo akulumana ndi wakale: chitani izi

Sheba tinakhala naye zaka 5 asanalumepo galu mnzake. Tsiku limene tinakatenga Ndaona kumalo osungirako agalu osowa pokhala, ndinachita zimene ambiri timachita: ndinatsegula geti, ndinamasula chingwe, n'kunena kuti adziwana okha. Masiku awiri oyamba kunali zii. Tsiku lachitatu madzulo mwana wathu anakaika mkute wa nsima ndi mitu ya usipa kuseri kwa khitchini, mbale imodzi agalu awiri. Pomwe ndinkafika, Sheba anali atagwira khutu la Ndaona, fumbi lili koboo, mlonda wathu ataima poteropo ndi tochi akuti, "Asiyeni bwana, akuonana kuti wamkulu ndani."

Khutu lija linakasokedwa m'mawa mwake. Mawu a mlondawo ndinawamvanso kwa anthu ena ambiri m'sabata imeneyo, ndipo ndi mawu amene awononga agalu ochuluka. Agalu a pakhomo limodzi akalumana mpaka kutuluka magazi, ndewu yotsatira imabwera msanga komanso imakula kuposa yoyamba, chifukwa aliyense waphunzira kuti mnzakeyo ndi woopsa ndipo ayenera kuyamba ndi iye. Zotsatirazi ndi zimene tinachita, mmene zinatsatanirana.

Choyamba, alekanitseni lero lomwe

Musadikire kuti muone ngati mawa ziphweke. Wina apite kuseri, wina kumaso, pakati pakhale chotchinga chenicheni: khola lotseka, chitseko, kapena kampanda ka waya. Ngati mungathe, zotchinga zikhale ziwiri, chifukwa tsiku lina munthu adzaiwala kutseka chimodzi. Pakhomo pathu amene anaiwala anali ine.

Kenako muziwasinthanitsa. M'mawa wakale ayendeyende pabwalo watsopano ali m'khola, masana musinthe. Aliyense apeze nthawi yothamanga, yokhala ndi inu, ndi yonunkhiza pamene mnzake wadutsa popanda kukumana naye maso ndi maso. Masaka amene amagonera muziwasinthanitsanso patapita masiku awiri kapena atatu kuti fungo la mnzake lisiye kukhala lachilendo.

Itanani aliyense wa pakhomo, ana, wantchito, mlonda, ngakhale mlendo amene wabwera kudzagona, muwauze kuti geti la pakati silitsegulidwa popanda inu. Ife tinachita kulemba ndi choko pachitseko.

Kulekanitsaku si chilango. Galu wochokera kumalo osungira agalu amakhala atasintha malo kangapo, mtima uli m'mwamba. Anthu ogwira ntchito m'malo amenewa amakonda kunena kuti galu amafuna masiku 3 kuti mantha atsike, masabata 3 kuti adziwe dongosolo la pakhomo, ndi miyezi 3 kuti amve kuti ndi kwawo. Si masamu a kusukulu, agalu ena amafulumira ena amachedwa, koma zimathandiza kukumbukira kuti galu wofatsa amene mwamuona tsiku loyamba mwina ndi wamantha chabe, khalidwe lake lenileni likubwera. Ndewu ikachitika, apatseni sabata yathunthu kapena awiri asanayandikanenso.

Chachiwiri, apiteni nawo kwa dokotala wa ziweto, onse awiri

Bala la mano a galu limanamiza. Pamwamba mumangoona kabowo ngati ka msomali, koma mkati mnofu wang'ambika, ndipo patapita masiku atatu pamatupa mafinya. Pasani dzanja thupi lonse, makamaka pakhosi, m'khwapa ndi m'mimba, pamene ubweya umabisa. Musamupatse mankhwala a anthu opha ululu. Ibuprofen amawononga m'mimba ndi impso za galu, ndipo panado naye si womwetsa mwachisawawa.

Chifukwa china chopitira n'chakuti ululu umakwiyitsa. Galu wokalamba amene mafupa a m'chiuno akumuwawa sapirira kamnzake kodumphadumpha. Khutu lotukusira, dzino lobooka, matenda obwera ndi nkhupakupa, zonsezi zimafupikitsa mtima. Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe. Sheba anapezeka ndi khutu lodwala mkati, ndipo ife tinkangoona kuti akupukusa mutu osalabadira.

Muli komweko funsani za katemera, makamaka wa chiwewe, komanso za kufula amuna ndi kutseka aakazi. Ku Lilongwe kuli bungwe losamalira ziweto la LSPCA, ku Blantyre kuli lina la BSPCA, ndipo m'maboma a vetenale amapezeka ku ofesi ya zaulimi. Kufula kumachepetsa ndewu za amuna olimbirana wamkazi, ndipo wamkazi akatsekedwa simuvutikanso ndi nyengo yake, imene imabwera kawiri pachaka n'kutenga masabata awiri kapena atatu pakhomo pali chipwirikiti. Koma musayembekeze kuti opaleshoni yokha ithetsa ndewu ya pambale. Imeneyo ndi nkhani ina.

Za chiwewe ndinenepo mosapsatira, chifukwa kuno si nkhani ya m'mabuku. Bungwe lolimbana ndi chiwewe la Mission Rabies lakhala likubaya agalu katemera ku Blantyre kuyambira 2015 chifukwa ana ankamwalira ndi matendawa. Ngati galu watsopanoyo munangomutola pamsewu, kapena kalata yake ya katemera simunaione, ndiye wasintha khalidwe mwadzidzidzi, akuluma chilichonse, dovu likuchucha, kapena akulephera kumeza, mutsekereni ndipo muimbire a vetenale nthawi yomweyo. Musamugwire pakamwa.

Chachitatu, pezani chimene akulimbirana

Tengani kope. Lembani ndewu iliyonse, ngakhale kudzumirana chabe: nthawi yanji, pamalo pati, panali ndani, panali chiyani pansi. Pakatha sabata mudzaona kuti zimene mumati "amangoyambana popanda chifukwa" zili ndi chifukwa chake, ndipo kawirikawiri ndi chimodzimodzi.

Chakudya ndiye chimatsogola. Galu amene wakulira pamsewu kapena pa mtaya wa pamsika anaphunzira kuti ukachedwa ugona ndi njala, ndipo phunziro limenelo silichoka chifukwa choti lero ali mumpanda. Choncho aliyense adyere kwake, chitseko chili chotseka, osaonana. Akamaliza chotsani mbale zonse, muzitsuke, ndiyeno mutsegule. Mbale yopanda kanthu nayo amailimbirana, fungo likadalimo. Mafupa a kubutchala, chikopa, mutu wa mbuzi, izi mupereke galu ali yekha m'khola, ndipo chotsala muchotse. Fupa limene wina anakwirira pansi pa mtengo wa mango sabata yatha lingayambitse ndewu inu muli kutchalitchi. Madzi ikani malo awiri otalikirana. Uzaninso amene amatsuka mbale kuti asamakhuthulire zotsala pansi agalu onse ali pomwepo, poti ndewu zambiri za m'makomo mwathu zimayambira pa sinki ya panja.

Chachiwiri pa zolimbirana ndi inuyo. Mukukanda mutu wa watsopano pakhonde, wakale akubwera n'kudzilowetsa pakati. Musakankhe wina kapena kukalipa. Imirirani, chokanipo. Chimene amalimbirana chachoka. Ndipo musamuchepetsere wakale zimene anazolowera chifukwa chomvera chisoni mlendo. Ngati ankagona pakhonde, apitirize kugona pakhonde.

Ndiye pali geti. Galimoto likaliza hutala, kapena wogulitsa makala akagogoda, agalu onse amathamangira kumeneko mitima ili m'mwamba, akuuwa, akugundana pamalo opanikiza. Galu amene wapsa mtima ndi munthu wa kunja amene sangamufikire amatembenukira amene ali pafupi. Njira yopapatiza ya pakati pa nyumba ndi mpanda nayo ndi choncho. Kwa miyezi ingapo ine ndinkaimba foni ndikafika pa shopu ya pakona kuti wina atsekeredwe ndisanalize hutala.

Chachinayi, phunzirani kuona ndewu isanayambe

Apa ndichedwapo, chifukwa amene wadziwa izi wapulumutsa theka la ndalama za kuchipatala.

Agalu amalankhula nthawi yaitali asanalumane, kungoti ife timayang'ana mochedwa. Chizindikiro chachikulu ndi kuuma thupi. Galu amene amanunkhiza bwinobwino amangoti njo, pakamwa patsekeka, maso ali pa mnzake osaphethira. Mchira ukhoza kumagwedezeka ndithu, koma uli m'mwamba, wouma, ukugwedera kunsonga kokha mofulumira. Kumeneko si kusangalala. Wina amaika chibwano kapena mwendo paphewa la mnzake n'kuima. Wina amagona pakhomo dala kuti mnzake asadutse, n'kumamutsatira ndi maso. Ubweya wa pamsana umaima. Amene akuopa amanyambita mphuno, kuyasamula popanda tulo, kutembenuzira mutu kumbali choyera cha m'maso chikuonekera, kuyenda mozemba m'mbali mwa khoma.

Mukaona izi musakuwe. Itanani mmodzi ndi mawu osangalala, ombani m'manja pang'ono, yendani kupita kwina kuti akutsatireni. Cholinga n'chakuti maso achoke pa mnzake.

Kusewera kumakhala ndi phokoso, nthawi zina loposa la ndewu, koma matupi amakhala ofewa, amagwada miyendo yakutsogolo matako ali m'mwamba, amasinthana wothamangitsa ndi wothawa, ndipo amapumira pakati. Ngati mukukayika, gwirani amene ali pamwambayo kamphindi. Wapansi akabwereranso yekha kudzasewera, zili bwino. Akathawa kukabisala, sikunali kusewera.

Galu akadzuma, musamumenye. Ndikudziwa kuti dzanja limapita lokha ku ndodo. Koma kudzuma ndi chenjezo, akuti "ndisiye, wayandikira kwambiri". Mukamukwapula chifukwa chodzuma, mkwiyo sunachoke, mwangochotsa chenjezolo, ndipo mawa adzaluma mwakachetechete. Choipa china, amaphunzira kuti mnzakeyu akayandikira ndodo imabwera, chidani n'kukula.

Ena adzakuuzani kuti mumugwetse chagada galu wovutayo n'kumupanikiza kuti adziwe kuti bwana ndinu. Maganizo amenewa anachokera ku kafukufuku wa mu 1947 wa katswiri wa zanyama Rudolf Schenkel, pa mimbulu yotsekeredwa pamodzi kumalo osungira nyama ku Basel, ku Switzerland. Katswiri wina, David Mech, amene anathandiza kuwafalitsa, anadzalemba mu 1999, ataonerera mimbulu ya kutchire pa chilumba cha Ellesmere ku Canada, kuti gulu la mimbulu ndi banja chabe, makolo ndi ana awo, osati nyama zolimbirana ubwana. Kupanikiza galu wamantha pansi n'kudziitanira mano pankhope. Za kuthira tsabola m'chakudya kapena kumutsekera mumdima tsiku lonse kuti akhale wolusa, zimenezo muziiwale ngati mukufuna agalu awiri pakhomo limodzi.

Chachisanu, akumanenso kunja kwa mpanda

Mabala akapola, pezani munthu wina wamkulu, osati mwana. Aliyense agwire galu wake pa chingwe cholimba, kolala yothina moti mutu sungapulumuke. Tulukani mosiyana, mukakumane pamalo amene si a galu aliyense: bwalo la mpira m'mamawa, kapena msewu wafumbi wopanda agalu ena oyendayenda. Nthawi yotentha ngati Okutobala pitani dzuwa lisanakwere, kutentha nako kumafupikitsa mtima.

Musawayandikize mphuno ndi mphuno. Yendani molowera kumodzi, wina tsidya ili la msewu wina tsidya ilo, mamita 10 kapena kuposerapo. Muyezo wake ndi uwu: galu aone mnzake koma athe kulandira chakudya m'dzanja lanu ndi kutembenuka mukamuitana. Akakana chakudya, maso ali gaa pa mnzake, mwayandikira kwambiri, talikiranani. M'thumba muike tizidutswa ta chiwindi chophika kapena usipa wouma. Akayang'ana mnzake n'kukhala phee, mupatseni kamodzi. Mukumuphunzitsa kuti kuona uja kumabweretsa zabwino.

Mphindi 15 kapena 20 patsiku zakwana. Tsiku lililonse zikayenda bwino chepetsani mtunda pang'ono. Ife zinatitengera masiku 12 kuti tiziyenda mbali imodzi ya msewu, anthu pakati agalu m'mbali. Kenako wina atsogole, wam'mbuyo anunkhize pamene mnzake wakodza, musinthane. Pomaliza aloleni anunkhizane kumbuyo, muwerenge mumtima mpaka katatu, muwaitane, mupitirize kuyenda. Chingwe chikhale cholendewera. Mukachikoka n'kuchiumitsa, mantha anu amatsikira m'chingwemo mpaka pakhosi pa galu.

Anthu a m'njira adzakufunsani ngati agaluwo ndi ogulitsa. Ayankheni mukuyenda.

Pobwerera lowani pageti mmodzimmodzi, ndipo mukafika mkati aliyense abwerere kumalo kwake. Tsiku likavuta, bwererani pa mtunda wa dzulo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachisanu ndi chimodzi, mumpanda, inu mulipo

Akamayenda limodzi kunja matupi ali ofewa kwa masiku angapo otsatizana, yesani pabwalo la pakhomo mukangochokera koyenda, atatopa. Yambani mwasesa: pasakhale fupa, mbale, mpira kapena chigamba chilichonse. Zingwe zisiyeni zikukwekwereka pansi kuti mukafuna kuchotsa wina mungoponda chingwe. Mphindi 5, basi, muwalekanitse zinthu zikadali bwino. Mawa mphindi 10.

Ngati ndewu yoyamba inali ya magazi, gulani chophimba kukamwa chooneka ngati kadengu, chimene galu amatha kupuma lilime lili kunja ndi kumwa madzi atavala. Chansalu chothina chija n'cha pa tebulo la dokotala kwa mphindi zochepa, pa dzuwa lathuli chingamuphe. Musangomuveka tsiku loyamba. Pakani chiponde mkati, alowetse yekha mphuno kunyambita, masiku angapo, kenako muzimanga lamba kamphindi.

Vuto lathu lenileni ndi usiku. Ambiri timatenga galu wachiwiri kuti alonde, ndiye timafuna onse amasulidwe ikamakwana 9 koloko ife tikukagona. Musatero msanga. Usiku ndi pamene kuli mphaka pampanda, khoswe, agalu a kwa aneba akuuwa, ndipo palibe woona. Gawani bwalo, wina kumaso wina kuseri, kapena azilonda mosinthana usiku. Wakuba akamva agalu awiri akuuwa safunsa ngati pakati pawo pali waya.

Ndewu ikabuka ndithu

Dzanja lanu lisapite pa kolala kapena pafupi ndi mitu. Galu amene ali pa ndewu sadziwa kuti dzanja ili ndi la amene amamupatsa chakudya. Ana alowe m'nyumba.

Yambani ndi zakutali: menyani chitini kapena lata mwamphamvu, akhuthulireni ndowa ya madzi kumutu, kapena payipi ngati madzi akutuluka. Lowetsani thabwa, mpando wa pulasitiki kapena chivundikiro cha bini pakati pawo. Bulangete lolemera kuwaponyera pamwamba limathandizanso. Zikakanika ndipo mulipo akuluakulu awiri, aliyense agwire miyendo yakumbuyo ya galu mmodzi pamwamba pa ntchafu, anyamule ngati wilibala, abwerere cham'mbuyo mozungulira kuti galu asapeze mpata wotembenuka. Njira imeneyi ili ndi ngozi yake, mukhoza kulumidwa ndithu, choncho ikhale yomaliza. Ngati wina wagwira osasiya, musakoke mwamphamvu, mung'amba mnofu wa mnzakeyo. Dikirani alekeze kuti agwirenso pena, pamenepo kokani. Kuwamenya ndi ndodo nthawi zambiri kumangowonjezera moto.

Akasiyana atsekereni kosiyana nthawi yomweyo, osaonana. Ngati munthu walumidwa kapena kukandidwa, atsuke balalo ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, apite kuchipatala tsiku lomwelo, atanyamula makalata a katemera a agalu onse awiri.

Pamene muyenera kuvomereza kuti sizikutheka

Atambala awiri salira m'khola limodzi, timatero, koma kwa agalu aakazi ndi amene amasunga mangawa. Madokotala oona za khalidwe la agalu amaona kuti ndewu zoopsa kwambiri za pakhomo zimachitika pakati pa agalu amuna okhaokha kapena aakazi okhaokha, makamaka aakazi awiri. Athuwa onse ndi aakazi, ndipo ndikanadziwa, ndikanatenga wamwamuna. Dziwaninso kuti galu amakhwima maganizo pakati pa chaka chimodzi ndi zaka zitatu, choncho kamwana kamene lero kakugonera wamkulu kakhoza kudzayamba kukana chaka chamawa.

Ngati ndewu zikubwerezabwereza mpaka kusokedwa, ngati wina amagwira pakhosi kapena pamimba n'kumapukusa, ngati amalusa akangomuona mnzake patali popanda cholimbirana, ngati wina wasiya kudya n'kumangokhala kuseri kwa thanki, kapena pakhomo pali ana aang'ono amene sangasunge lamulo la geti, lankhulani ndi dokotala wa ziweto komanso kumene munamutenga galuyo. Malo ambiri osungira agalu amalandiranso galu wawo zikavuta. Auzeni zoona zonse, kuti akamupezere khomo limene adzakhale yekha. Musakamutaye kumsika, ndipo musamupereke kwa mnzanu mutabisa kuti amaluma agalu anzake.

Ndaona tinamusunga. Papita chaka ndi miyezi inayi. Masana amagona onse pansi pa mtengo wa mango, motalikirana ngati mikono iwiri, ndipo madzulo timayenda nawo limodzi. Kudya amadyabe kosiyana, Sheba pakhonde, Ndaona m'khola chitseko chili chotseka, ndipo mafupa amaperekedwa Loweruka lokha, mmodzimmodzi. Usiku geti la pakati limatsekedwa. Mlonda uja ndi amene amasunga kiyi wake.